Kuonana ndi dokotala pa foni m'madera a Harare: kayambitsidwe kake ndi malire a ntchito ya AI

Mpingo, bungwe la maliro kapena komiti ya zaumoyo ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku kapena Epworth ikagwirizana zoyambitsa malo oti odwala azilankhulirapo ndi dokotala pa foni, ndalama zoyamba zimakonda kuthera pa tabuleti ndi pulogalamu ya AI, ya pa kompyuta yotsanzira nzeru za munthu, imene wogulitsa wabwera kudzaonetsa. Zimenezi n'zogula pamapeto. Makina angathe kukuuzani kuti mwa anthu 80 amene ali pamzere, agogo awa ndi mwana uyu aonedwe msanga. Koma sangawanyamule kupita nawo ku kiliniki, sangalembe mankhwala, ndipo sangabwerere pakapita masiku atatu kukafunsa ngati zotsatira za makhololo zatuluka. N'chifukwa chake malangizowa akuyambira pa njira ya wodwala, kenako magetsi ndi zoyezera. AI ikubwera pambuyo, m'malo ochepa amene yasonyeza kuti imathandizadi.

Wodwala akapita kuti?

Musanatsegule khomo, kakumaneni ndi namwino wamkulu wa kiliniki imene ili pafupi nanu. Makiliniki a ku Mbare, Mabvuku, Kuwadzana, Budiriro ndi Glen View ali pansi pa dipatimenti ya zaumoyo ya khonsolo ya Harare. Epworth ndi Chitungwiza sizili pansi pa khonsoloyi, ndiye kumeneko mufunse okha amene akuyendetsa zipatala za kwanuko. Matenda opatsirana monga kolera, taifodi ndi chifuwa chachikulu amapita ku chipatala cha Beatrice Road kapena cha Wilkins, ndipo matenda aakulu ena amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa kudzera ku kiliniki. Mugwirizane ndi namwinoyo, pa pepala, za munthu amene azilandira odwala anu, nambala yoimbira zinthu zikavuta, ndi mmene yankho lizibwerera kwa inu. Chachitatuchi ndi chimene chimaiwalika. Wodwala amatumizidwa, n'kusowa, ndipo kaundula wanu amangolembedwa kuti "watumizidwa" ngati kuti wachira.

Amene akuyankha pa foni akhale wolembetsedwa ku Zimbabwe kuno: dokotala ku Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, namwino ku Nurses Council of Zimbabwe. Mwana wa mumpingo amene ndi dokotala ku Blantyre, Johannesburg kapena London angathe kuphunzitsa ndi kulangiza anzake a ntchito, koma asamalembere odwala anu mankhwala ngati alibe chilolezo cha kuno. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2019 okhudza zipangizo zamakono pa zaumoyo, linavomereza kuonana ndi dokotala patali ngati chowonjezera pa chipatala, osati cholowa m'malo mwake, ndiponso pokhapokha pamene chinsinsi cha wodwala ndi chitetezo chake zikuyang'aniridwa. Mfundo imeneyi muiwerenge pamsonkhano woyamba wa komiti, chifukwa pamakhala ena amene amaganiza kuti mukutsegula chipatala.

Chipinda, magetsi ndi netiweki

Chipinda chikhale ndi chitseko chotseka ndi mawindo awiri oyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Amene akutsokomola adikirire panja pamthunzi, asaunjikane mukhonde.

Magetsi muwawerengere motere. Laputopu imadya mawati pafupifupi 60, tabuleti ndi mafoni awiri 20, rauta 10, mababu a LED 10. Zonse ndi mawati 100, ndipo pa maola 8 zimafuna 800 Wh. Batire la 12 V 100 Ah pa pepala lili ndi 1,200 Wh, koma la mtovu mukamalitsitsa kupitirira theka limafa msanga, ndiye mumangopezapo 600 Wh, zomwe sizikwana tsiku. La lithiamu la kukula komweko limapereka pafupifupi 1,000 Wh. Sola ya mawati 300, pa dzuwa la Harare la maola pafupifupi 5 amphamvu, mutachotsapo zotayika m'mawaya ndi mu invetala, imabweza pafupifupi 1,000 Wh. M'nyengo ya mvula mitambo imadula zimenezi, ndiye ngati thumba likulola gulani ya mawati 400. Ketulo ndi ayironi zisayandikire batire limeneli. Lamulo limeneli likuoneka loseketsa, koma mabatire ambiri a m'maholo amafa ndi tiyi wa pamsonkhano.

SIM khadi zikhale ziwiri za makampani osiyana, mwachitsanzo Econet ndi NetOne, chifukwa ZESA ikazimitsa magetsi kwa nthawi yaitali nsanja zina zimafooka. Muyese netiweki m'chipinda momwemo, chitseko chili chotseka, pa maola amene muzigwira ntchito. Malata amadula mphamvu ya netiweki, ndipo madzulo anthu akaweruka imachedwa. Starlink inaloledwa ku Zimbabwe mu 2024, koma mbale yake yaikulu payokha imadya magetsi oyandikira zonse zimene tawerenga pamwambapa, choncho mukaisankha muwirikize kawiri batire ndi sola.

Vidiyo si yofunika monga anthu amaganizira. Kuimba kwa mawu okha pa WhatsApp sikufika megabaiti imodzi pa mphindi, pamene vidiyo imadya kangapo kuposa pamenepo ndipo imaduka pomwe dokotala wayamba kufotokoza za mankhwala. Odwala ambiri amathandizika ndi fomu yodzazidwa bwino, zithunzi ziwiri ndi mphindi zisanu zolankhulana.

Manambala olakwika amanamiza dokotala ndi makina omwe

Zida zofunika ndi makina a BP omanga pamkono wapamwamba okhala ndi malamba awiri, wapakati ndi wamkulu, choyezera kutentha kwa thupi, kachipangizo kopana chala koyezera mpweya wa okosijeni m'magazi, makina a shuga, sikelo, tepi ya MUAC yoyezera mkono wa mwana, ndi wotchi yoonetsa masekondi. Mapulogalamu a pafoni amene amati amayeza BP mukaika chala pa kamera muwasiye.

Poyeza BP, munthu akhale pansi mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, ndipo asalankhule. Muyeze kawiri, motalikirana mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kulemba zonse. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala, ndipo munthu wabwinobwino amapezeka wayambitsidwa mankhwala. Mkono ukapitirira masentimita 32 kuzungulira, mutenge lamba wamkulu. Kachipangizo ka okosijeni kamanama zala zikazizira, makamaka m'mawa wa June ndi July, komanso zikhadabo zikapakidwa utoto. Pali vuto lina limene ogulitsa satchula: kafukufuku wa ku University of Michigan wa 2020 anapeza kuti zipangizozi zimalephera kuonetsa kuchepa kwa okosijeni mwa anthu akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Choncho munthu amene akupuma mobanika koma chipangizo chikuonetsa 93, mukhulupirire maso anu.

Onetsetsaninso miyezo. Zipatala za kuno zimawerenga shuga mu mmol/L, pamene mapulogalamu ambiri opangidwa ku America amayembekezera mg/dL, ndipo kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ndi 18. Mukalemba 22 mu pulogalamu yoyembekezera mg/dL, idzati shuga watsikiratu munthuyo amwe zotsekemera, pomwe shuga wake wakwera moopsa. Chimodzimodzi kutentha kwa thupi ndi kalembedwe ka deti: 03/04 kwa ife ndi pa 3 April, kwa makina ena ndi pa 4 March.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira AI kapena dokotala wa pa foni. Muzilembe pa pepala lalikulu pakhoma. Mwana amene sakutha kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena wangoti lefu osadzuka. Mwana wopuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi ngati sanakwane miyezi 2, ka 50 ngati ali ndi miyezi 2 mpaka 11, ka 40 ngati ali ndi chaka chimodzi mpaka zaka 5. Muwerenge mphindi yathunthu mwana ali phee, osati masekondi 15 n'kuchulukitsa. Mkono wa mwana wochepera masentimita 11.5 pa tepi. Okosijeni wochepera 90. Mayi woyembekezera amene akutaya magazi, kapena BP yake yafika 160/110, kapena yafika 140/90 limodzi ndi mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi. Munthu amene nkhope yapotoka mwadzidzidzi, mkono wafooka, lilime lalemera. Onsewa ndi a galimoto, nthawi yomweyo, ndipo foni imaimbidwa ali kale panjira.

Fomu ndi zithunzi

Fomu ikhale ya tsamba limodzi: zaka, mwamuna kapena mkazi, vuto ndi masiku amene latenga, manambala onse oyezedwa, mankhwala amene akumwa kuphatikizapo ma ARV ndi azitsamba, ndi funso la ulendo. Funso la ulendoli kwa ife ndi lalikulu. Harare ilibe malungo ambiri, ndiye namwino kapena pulogalamu yozolowera odwala a mumzinda muno siifulumira kuwaganizira. Koma anthu athu amakwera basi kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka Tete mpaka Mwanza, kupita ku maliro kapena kukaona abale, n'kubwera ndi malungo. Aliyense amene thupi latentha ndipo wabwera kumudzi m'masabata apitawa akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Chithunzi cha bala kapena zidzolo chijambulidwe pafupi ndi windo masana, popanda fulashi, chimodzi chapatali choonetsa chiwalo chonse, china chapafupi rula ili pambali. WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye muzitumize ngati document kuti zisaphwanyike. Nkhope isaoneke ngati vuto silili kumaso.

Chifuwa chachikulu: pamene AI yakhwima

Ngati pali malo amene AI yatsimikizika pa zaumoyo m'maiko ngati athu, ndi powerenga X-ray ya m'chifuwa. Mu 2021 WHO inavomereza kuti mapulogalamu otere alowe m'malo mwa munthu wowerenga X-ray pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba. Odziwika ndi monga CAD4TB, qXR ndi Lunit INSIGHT CXR. Makina amajambula, pulogalamu n'kupereka nambala, kawirikawiri pakati pa 0 ndi 100, isanathe mphindi. Ena amagwira popanda intaneti, pa kabokosi kolumikizidwa ku makinawo, ndipo zimenezi muzifunse, chifukwa chithunzi chimodzi cha X-ray chimalemera mamegabaiti ambiri.

Mpingo kapena bungwe lisagule makina a X-ray. Amafuna chilolezo cha Radiation Protection Authority of Zimbabwe ndi katswiri wojambula. Chimene mungachite ndi kupempha, kudzera ku kiliniki, kuti galimoto ya pulogalamu ya TB ya boma kapena mabungwe ogwira nayo ntchito ibwere kwanu, inu n'kukonza anthu, malo ndi kalondolondo.

Nambala ija muimvetse bwino. Siikunena kuti munthu ali ndi TB. Ikunena kuti mapapo ake akufanana ndi zithunzi za anthu a TB zimene pulogalamu inaphunzirapo. Ili ngati sefa: imapatula amene apereke makhololo, ndipo chotsimikiza ndi GeneXpert, makina a mu labotale oyeza makhololo, amene amadya katiriji imodzi pa munthu aliyense. Oyendetsa ntchito amasankha malire, mwachitsanzo kuti onse opitirira nambala yakuti apereke makhololo, ndipo pa malirewa m'pamene pagona nkhani yonse. Tiyerekeze anthu 1,000, mwa iwo 10 ali ndi TB. Mulingo wochepetsetsa umene WHO inaika mu 2014 pa zida zosefera unali wakuti zigwire 90 mwa odwala 100, ndi kumasula 70 mwa anthu 100 amene alibe matendawa. Ndiye kuti mwa 10 aja makina agwira 9, n'kuphonya mmodzi. Mwa 990 otsalawo aloza 297 amene alibe TB. Onse pamodzi ndi anthu 306 ofunika kuyezedwa makhololo kuti mupeze 9. Funso lofunsa galimoto isanabwere ndi ili: makatiriji a GeneXpert alipo angati, ndipo labotale imatha kuyeza angati pa tsiku? Ngati alipo 100 okha, anthu oposa 200 apita kwawo atauzidwa kuti makina aona kanthu, popanda yankho, ndipo ulendo wina sadzabweranso. Mukakweza malire, oyezedwa amachepa koma ophonyedwa amachuluka. Palibe nambala imodzi yoyenera kulikonse. Malire oikidwa ku India kapena ku Europe sangangotengedwa, ndipo pulogalamu ikasinthidwa kukhala yatsopano, nambala zake zimasinthanso tanthauzo. Mufunse oyendetsa kuti malire awo anawayesa pa anthu ati.

Magulu atatu amasokoneza makinawa. Amene anadwalapo TB n'kuchira amakhala ndi zipsera m'mapapo, ndipo nambala yawo imakonda kukhala yokwera. Okalamba nawonso. Gulu lina ndi la amene anagwira ntchito m'migodi, ndipo pakati pa mabanja ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique alipo ambiri, kuyambira agogo a m'migodi yakale mpaka anyamata okumba golide lero. Fumbi la miyala limawononga mapapo m'njira yofanana ndi TB pa chithunzi, komanso limawonjezeradi mpata wodwala TB. Choncho musanene kuti "ndi fumbi chabe". Apereke makhololo, ndipo ngati alibe TB akaonedwe ndi dokotala za mapapowo. Mbali inayo, munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika kwambiri angathe kukhala ndi TB chithunzi chili choyera. Amene akutsokomola, kutentha thupi, kuwonda kapena kutuluka thukuta usiku apereke makhololo ngakhale nambala ili yotsika, ndipo kiliniki ingathe kuwonjezera kuyeza mkodzo kwa LAM.

Makhololo aperekedwe panja, kutali ndi anthu. Munthu achukuche m'kamwa ndi madzi, apume mozama katatu, akhosomole kuchokera pansi pa chifuwa. Malovu okha sathandiza. Pafunika mililita imodzi kapena kuposa, kabotolo katsekedwe zolimba, ndipo dzina lilembedwe pambali pa kabotolo, osati pa chivindikiro, chifukwa zivindikiro zimasinthana. Makhololo afike ku labotale tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Akachedwa asungidwe mozizira, pa madigiri 2 mpaka 8. Makina a GeneXpert amatulutsa yankho asanathe maola awiri, koma chimene chimachedwetsa ndi mayendedwe ndi mzere. Munthu mmodzi wa komiti, wodziwika dzina, akhale ndi mndandanda wa onse opereka makhololo, aziimba ku kiliniki mpaka aliyense atalandira yankho ndipo amene wapezeka nayo wayamba mankhwala a miyezi 6.

Maso, khungu ndi khomo la chiberekero

Mapulogalamu oona kuwonongeka kwa maso chifukwa cha shuga alipo ndipo amagwira bwino pa zithunzi zabwino. Atayesedwa m'makiliniki 11 a ku Thailand, pulogalamu ya Google inakana pafupifupi chithunzi chimodzi mwa zisanu chifukwa cha kuwala kwa m'zipinda, ndipo anamwino ankataya nthawi kudikira intaneti. Ngati mulibe chipinda chamdima ndi dokotala wa maso woti alandire opezeka ndi vuto, musayambe. Mapulogalamu ambiri oona matenda a khungu anaphunzira pa khungu loyera, ndiye chithunzi chipite kwa munthu. Za khomo la chiberekero, amayi apite ku VIAC, malo oyezera khansa ya khomoli, kumene anamwino ophunzitsidwa amaunika ndi kujambula. Izi si za m'holo ya tchalitchi.

Mapulogalamu ocheza nawo

ChatGPT, Gemini ndi Meta AI ya mu WhatsApp zili kale m'mafoni a anthu anu, mufune musafune. Zimalemba mwadongosolo ndiponso molimba mtima ngakhale pamene zikupeka, ndipo WHO inachenjeza za zimenezi m'malangizo ake a January 2024. Zingathandize kukonza uthenga wa zaumoyo woti uwerengedwe m'tchalitchi kapena kumzikiti, kapena kufupikitsa malipoti, bola namwino awerenge chilichonse chisanatuluke. Zisagwiritsidwe ntchito kusankha mankhwala, kuwerengera mlingo wa mwana, kapena kuuza munthu kuti sakufunika kupita kuchipatala.

Chitsanzo chapafupi ndi madzi a shuga ndi mchere. Ku Zimbabwe anthu anaphunzitsidwa kuyeza ndi botolo la Mazoe la 750 ml: timasupuni 6 ta shuga todzaza koma tosaunjika ndi theka la kasupuni ka mchere. Pulogalamu imayankha za lita imodzi, ndipo amene anakulira ku Malawi amadziwa paketi ya Thanzi yosungunulira mu lita imodzi. Mayi akamva zitatuzi tsiku limodzi amasakaniza. Musankhe uthenga wa Unduna wa Zaumoyo wa kuno, ndipo paketi ya ORS, ufa wokonzedwa kale wa shuga ndi mchere, ikakhalapo atsate zolembedwa pa paketipo.

Chilankhulo ndi msampha wina. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezedwa ndi malamulo a dziko a 2013, koma makina ambiri amachidziwa pang'ono, ndipo cha kuno chosakanikirana ndi Chishona amachiphonya kwambiri. Mayi akati "sindinasambe miyezi iwiri", makina omasulira angapereke kwa dokotala nkhani ya madzi ndi sopo, mimba n'kuphonyedwa, mankhwala osayenera woyembekezera n'kulembedwa. Choncho pakhale munthu womasulira, wamkazi kwa amayi, ndipo asakhale mwana wa wodwalayo. Musanavomereze pulogalamu iliyonse, lembani mafunso 30 monga mmene anthu anu amafunsira, m'Chichewa ndi m'Chishona, muphatikizemo asanu oopsa, anamwino awiri aunike mayankho aliyense payekha. Ikaphonya limodzi mwa oopsawo, yalephera.

Za nkhawa ndi kuvutika maganizo, Harare ili kale ndi njira yake. Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, imaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi kumvetsera anthu pa makiliniki. Munthu amene akulankhula zodzipha asasiyidwe ndi foni. Akhale ndi munthu, ndipo aperekezedwe ku kiliniki.

Kuwerenga odwala m'mimba

Kolera ya 2008 mpaka 2009 inadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro inali pakati pa madera okhudzidwa kwambiri. Mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro, ndipo mu 2023 inavuta ku Kuwadzana. Gwero lake silisintha: mapaipi a suweji ophulika, mipopi youma, zitsime ndi mijigo yoipitsidwa. Pali mapulogalamu olosera miliri pogwiritsa ntchito mvula ndi malipoti a zipatala, koma amadalira manambala ochokera pansi, ndipo apa m'pamene malo anu angathandize boma.

Tsiku lililonse lembani chiwerengero cha otsegula m'mimba mwa madzi katatu kapena kuposa pa maola 24, zaka zawo, msewu wawo, ndi kumene amatunga madzi. Tsiku limene palibe, lembani 0. Mukasiya mpata, kompyuta imaona ngati matenda atsika pomwe wolemba anangopita ku maliro. Manambalawa apite ku kiliniki mlungu uliwonse, chifukwa ndi kumeneko amalowera mu DHIS2, kaundula wa pa kompyuta wa unduna. Koma munthu mmodzi yekha wa zaka 2 kapena kuposa amene watsegula m'mimba mwa madzi n'kufooka kwambiri, maso kulowa, khungu osabwerera mukalitsina, ameneyo sadikira lipoti la mlungu. Ayambe kumwa ORS, anyamulidwe, kiliniki iuzidwe ola lomwelo. Mabanja atatu otunga pa mjigo umodzi akadwala mlungu umodzi, simufunika AI kuti muone.

Chinsinsi

Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lotetezedwa mwapadera, ndipo woyang'anira ndi POTRAZ, bungwe la boma loona za mafoni ndi mapositi. Pafunika chilolezo cholembedwa, ndipo malamulo a 2024 amafuna kuti mabungwe osunga mbiri za anthu ambiri atenge laisensi. Mufunse ku POTRAZ ngati bungwe lanu likukhudzidwa. Chilolezo chipemphedwe m'chilankhulo cha munthuyo, mwachitsanzo: "Agogo, tikufuna tijambule bala lanuli titumize kwa adokotala amene ali ku tauni. Dzina lanu sitilembapo, tilembapo nambala. Mukakana tikuthandizanibe. Mukuvomera?"

M'mabanja athu muli ambiri amene anavutika zaka zambiri ndi ziphaso, ena chitupa chawo chinalembedwa kuti ndi mlendo ngakhale anabadwira ku Mbare. Mukayamba ndi kufunsa nambala ya chitupa, amene akufunika thandizo kwambiri ndi amene sabwera. Musafunse ngati kiliniki siikufuna. Mupatse aliyense khadi la nambala yanu, ndipo buku lolumikiza nambala ndi dzina likhale lotsekeredwa mu kabati. Nambalayi imathetsanso vuto la a Phiri ndi a Banda ambirimbiri, ndi mayina olembedwa mosiyana pa makhadi osiyana.

Foni ya ntchito ikhale ya ntchito yokha, yokhala ndi loko, yosasunga zithunzi ku Google Photos ya munthu. Zithunzi za odwala zisalowe m'gulu la WhatsApp la komiti. Dzina, nkhope kapena zotsatira za HIV zisalembedwe mu pulogalamu yocheza nayo, chifukwa zimakasungidwa kunja kwa dziko. Wogulitsa pulogalamu ayankhe pa pepala kuti zithunzi zimasungidwa kuti, ngati amaphunzitsira nazo makina ake, ndiponso zidzatani mgwirizano ukatha. Mufunsenso mtengo wa chaka chachiwiri, chifukwa zambiri zimabwera zaulere pamene wopereka thandizo alipo, kenako n'kumalipiritsa pa chithunzi chilichonse m'madola a ku America.

Kuunika kwa pamwezi

Kumapeto kwa mwezi, namwino wa ku kiliniki ndi anthu awiri a komiti akhale pansi ndi kaundula. Awerenge otumizidwa, ofikadi ku kiliniki, ndi olandira yankho. Ngati mwa otumizidwa 40 ofika ndi 15, vuto si la makina. Kawirikawiri ndi ndalama ya kombi kapena yolipira pakhomo la kiliniki, ndipo thumba laling'ono la EcoCash losungidwa ndi msungichuma limathandiza kuposa tabuleti yachiwiri. Kenako atenge mafomu 20 amene pulogalamu inati palibe vuto, namwino awaone osadziwa zimene makina ananena. Zolakwika zoopsa zimabisala m'gulu limeneli, chifukwa palibe amene amabwerera kwa munthu amene wauzidwa kuti ali bwino. Ayang'anenso ngati odzipereka ayamba kungokopera zimene makina anena osayezanso okha. Zimenezi zimayamba pakapita miyezi ingapo, anthu akazolowera.

Tsiku lomwelo muyerekeze makina anu a BP ndi a ku kiliniki pa mkono umodzi, muone madeti a timapepala toyezera shuga ndi ngati tasungidwa kotentha, mupukute fumbi pa sola, ndipo musindikize mafomu 50 a pepala oti agwire ntchito tsiku limene batire kapena netiweki yakana.